Ludzu la a Nachisale

Tinyade anali asanathe msinkhu pamene azakhali ake, a Nachisale, anakhuthula mtsuko wonse wa madzi pabwalo chifukwa chakuti iye anaviikamo chikho.

Mayi ake anali atangomwalira kumene ndi matenda aja owondetsa amene anthu sankawatchula dzina, ndipo bambo ake anali atatsogola kale. Amene anamutenga ndi azakhaliwo, kwawo kwa Mayani. Tsiku limenelo pakhomo panabwera amayi a mumpingo, nakhala pamphasa pakhonde. Mwanayo anachokera kumunda kukhosi kuli gwa, nalowa m'khitchini, natunga. A Nachisale sanakalipe. Ananyamula mtsukowo, natuluka nawo, naupendeketsa pang'onopang'ono pamaso pa alendo kufikira dontho lomaliza, nkhuku zikuthamangira matope.

"Mutikhululukire amayi, madzi achedwa pang'ono," iwo anatero mwaulemu wonse. "Alowa dzanja. Kumene wachokera mwanayu mukukudziwa."

Amayiwo anayang'ana pansi. Kuyambira tsikulo Tinyade ankamwera chitini chakechake kuseri kwa nyumba. Akapita kumjigo ankatumidwa madzi ochapira okha, akumwa ayi.

Sanalire pamaso pa munthu. Anakula ngati mtengo wa pathanthwe, wouma koma wosapindika, ndipo mabuku anawagwira ndi mkwiyo umene ena amagwirira khasu. Mkwiyowo unabala zipatso: anapatsidwa malo kukaphunzira za mankhwala m'dziko lina la Aluya, kumpoto kwa Afirika. Atatsala pang'ono kunyamuka anapita kwa Mayani kukatsanzika, osati chifukwa cha chikondi, koma kuti akamuone atavala nsapato za ulendo.

Anapeza pakhomo pali zii, anthu onse ali kudimba. A Nachisale anali gone m'nyumba pamphasa, atatha ngati chitsa chopsa ndi moto wolusa. Mtsuko unali pomwepo pakona, poti mkono wa wodwalayo unkaperewera pang'ono chabe.

"Tinyade, mwana wa mlongo wanga," iwo ananong'ona. "Kukhosi kwauma. Nditungireko."

Tinyade anayang'ana mtsuko, nayang'ana nkhope ija, nakonza chikwama chake paphewa.

"Dzanja langa ndi lomwe lija, azakhali. Dikirani a manja oyera abwere kudimba."

Anatuluka natseka chitseko bwinobwino. Uthenga unamupeza atafika kale kunja: azakhali anatsirizika tsiku lomwelo, anthu asanaweruke kudimba. Panalibe amene anadziwa kuti iye analowa m'nyumbamo, ndipo iye sanauze munthu. Mumtima anadziuza kuti mlandu watha.

Mumzinda waukulu umene ankaphunzira, miyezi inapita popanda chachilendo. Kunali mipopi paliponse, magalimoto osagona, ndi phokoso lokwanira kukwirira chilichonse chimene mtima ungafune kunena. Zinayamba pamene mnzake wa chipinda chimodzi, Sumini, mtsikana wa ku Machinga wodziwa bwino Chiluya ndiponso wosatopa kulankhula, anamukakamiza kuti kumapeto kwa sabata akaone tauni ina yaing'ono ya m'kati mwa chipululu.

"Iwe Tinya, udzabwerera kumudzi utaona chiyani? Makoma a laibulale? Anthu akadzafunsa za ngamila udzati unaiona pachikuto cha buku?"

Anakwera basi Lachisanu m'mamawa. Nyumba zinatha, mitengo inatha, kenaka ngakhale udzu unatha. Kunatsala mchenga ndi miyala, ndi msewu wakuda wowongoka ngati chingwe. Sumini anadya, naimba, nagona. Tinyade anali maso pawindo pamene anaona munthu ataima patali, pamalo popanda nyumba, popanda mthunzi, popanda njira yochokera kulikonse. Anali mayi. Chimene chinamuzizimitsa Tinyade si kuimako ayi, koma kavalidwe: nsalu anaimanga m'chiuno, ngati mmene amamangira kwathu, osati kudzifunditsa mutu ndi thupi lonse monga amayi a dzikolo.

Basi inadutsa. Dzuwa litakwera ndithu, anamuonanso, tsopano pafupi ndi msewu, wopanda nsapato pamchenga wotentha chotero. Nkhope sanaione, pakuti mayiyo anali atawerama ngati munthu wofunafuna chimene wataya.

Tinyade anatseka maso, ndipo tulo tinamuba. Anadzidzimuka ndi kulira kwa chitseko cha basi chikutsekeka, galimoto ikuyambanso kuyenda. Kunja kunalibe mudzi, kunalibe chikwangwani. Sanacheuke kuti aone amene wakwera. Anapisa dzanja m'chikwama kuti amwe madzi, ndipo botolo linabwera lopepuka. Chitsekerero chinali chosatsegulidwa monga anagulira, koma m'kati munalibe ngakhale dontho.

"Akubera a pagolosale aja," anatero Sumini akuyasamula. "Nkhope yako yaukaliyo imangoopsa ife tokha. Imwa anga."

Tinyade anamwa, koma madziwo anangodutsa ngati adutsa pakhosi pa wina.

Tauniyo inali ya nyumba zadothi, yozunguliridwa ndi mitengo ya kanjedza, ndipo moyo wake wonse unali pakasupe mmodzi wa kumunsi. Anafikira kwa mayi wina wochita malonda a malo ogona, Umu Salimu, munthu wa mawu okwera ndi mikono yamphamvu, amene ankalamula mwamuna wake ngati woyendetsa ngolo. Pakhomo pake, kumbali ya msewu, panali mtsuko waukulu wokhala pachitsulo cha miyendo, wovundikiridwa ndi thabwa, kapu imodzi italendewera pachingwe. Kunja kwa mtsukowo kunali kwakuda ndi chinyezi. Tinyade anaona kuti mitsuko yotere inali pafupifupi pakhomo lililonse.

Sumini anafunsa, namasulira yankho: "Akuti umenewu ndi wa malemu mayi awo. Munthu akamwalira, abale amaika mtsuko pamsewu m'dzina lake. Aliyense wodutsa amamwa, osapempha, osathokoza. Wolemera, wopemphetsa, mlendo, onse kapu yomweyi. Akuti chiikireni sunaumepo."

Sumini anatunga namwa, napatsa mnzake. Tinyade anabweza manja kumbuyo.

"Ndili ndi anga."

"Ati? Aja a mphepo aja? Za mankhwala zakuononga iwe. Tizilombo timene tingakhale m'kapu muno tinapsa kalekale ndi dzuwali."

Madzulowo anayendayenda: anadutsa msewu wa kumsika, anakhotera kwa osula miphika, nabwerera chakumzikiti. Sumini anajambula ngamila, anatsutsana mitengo ndi ogulitsa nsalu, anaseka ndi ana. Tinyade ankangonyambita milomo. Kawiri konse anamva ngati wina akukoka phazi kumbuyo kwawo, koma pocheuka ankangoona mapazi awo okha pamchenga.

Atangodya chakudya chamadzulo, akuyala pogona, phokoso linayamba kuseri kwa khoma, kumbali ya msewu. Kho. Kho. Khwee. Aliyense amene anakulira kumudzi amalidziwa phokoso limenelo: chikho chikupala pansi pa mtsuko wopanda madzi. Linasiya. Kenaka kunamveka kutsokomola, kouma, kwakufupi, kothera m'kubuula pang'ono.

Sumini anaima ndi bulangete m'manja. "Wamva?"

"Ndi mbuzi," anatero Tinyade, nagona chotembenukira kukhoma.

Panja anamva Umu Salimu akutuluka ndi nyale, kenaka mawu ake akugwera mwamuna wake ngati matalala. Sumini anamvetsera. "Akuti mtsuko wauma. Bambowo akulumbira kuti anadzaza dzuwa lisanalowe." Anamva ndowa zikulira, madzi akukhuthulidwa, zitseko zikutsekedwa. Nyumba itangokhala chete, kupala kuja kunayambanso, tsopano chapatali, kenaka patali ndithu, ngati munthu akuyenda khomo ndi khomo.

Kutacha, msewu unadzaza ndi amayi. Mtsuko wa Umu Salimu unali gwa, wotuwa ngati sunaonepo madzi chiumbireni. Momwemonso wa khomo loyandikana, ndi wina, ndi wina. Pansi pake panalibe matope osonyeza kuti madzi anatayika. Makapu onse anali pamchenga chozondoka, ndipo kuzungulira mtsuko uliwonse kunali mapazi a munthu wosavala nsapato, phazi limodzi lopondetsa, linalo lokoka. Amayiwo anawerengetsera misewu youma: wa kumsika, wa osula miphika, wa kumzikiti. Misewu ina yonse madzi anali tho. Pang'onopang'ono mawu anatsika, ndipo maso anatembenukira kwa alendo awiriwo.

Umu Salimu anawalowetsa m'nyumba natseka chitseko. Analankhula mawu ochepa, ndipo Sumini anamasulira ndi mawu amene sanalinso a nthabwala.

"Akufunsa kuti tinabwera angati."

"Awiri. Sakuona?"

"Akuti dalaivala wa basi ndi mlamu wawo. Iye akuti atatu. Akuti anaimira mayi wachikulire panjira, wakuda ngati ife. Atamufunsa kumene akupita, mayiyo sanayankhe, anangoloza iwe." Sumini anatsitsa mawu. "Akuti potsika anatsika pambuyo pako."

Tinyade anawongola khosi. "Uwauze kuti ine ndinabwera kuno ndi mutu wanga ndi chikwama changa. Za m'mitsuko mwawo afunse amene amatunga."

Sumini sanamasulire. Umu Salimu anayang'ana Tinyade nthawi yaitali, nanena kanthu kena akugwedeza chala, natuluka.

"Akuti chiyani?"

"Akuti iwo za akufa a kwathu sazidziwa, ndipo safuna kuzidziwa. Koma munthu amene akuthetsa madzi a misewu yonse nakhalabe ndi ludzu, ndiye kuti si madzi okha amene akufuna. Akuti basi ndi ya mawa, koma usikuwu tikagone kwina ngati mtsuko wa mayi awo ukhalabe wouma." Sumini anakhala pabedi nagwira mnzake mkono. "Tinya, achemwali, ndani ameneyu?"

"Sindidziwa za anthu akuno."

"Usandiyese mwana. Kutsokomola kuja sikunali kwa Chiluya. Ndinakulira ndi agogo odwala ine, ndimakudziwa. Munthu uja anatsokomola ngati wa kwathu, ndipo atatsokomola anadikira. Anadikira wina kuti ayankhe."

Tinyade anachotsa mkono wake mofatsa. Milomo yake inali itang'ambika, ndipo lilime linkamata kumwamba kwa kamwa, ngakhale anali atamwa tiyi makapu angapo. Anakhala pawindo, msana uli chilili, monga anakhalira moyo wake wonse.

Ali pawindopo anaona mayi wina akubwera kuchokera kuchipululu, woweta mbuzi, fumbi lili mbuu mpaka m'nsidze, mwana ali m'chiuno. Mayiyo sanagogode pakhomo lililonse, pakuti m'tauni imeneyo waludzu sagogoda. Anafika pamtsuko wa Umu Salimu, anatola kapu, anachotsa thabwa, napisa mkono mpaka m'phewa. Kapu inalira pansi. Anasuzumira, naupendeketsa mtsukowo, mwana akutambasula manja. Kenaka anabwezera thabwa mwaulemu, napita pakhomo lina, napezanso chimodzimodzi. Mwanayo anayamba kulira kulira kopanda misozi.

Umu Salimu anatuluka chothamanga ndi jagi ya madzi a m'nyumba, nawamwetsa onse awiri, akupepesa mobwerezabwereza. Mlendoyo atapita, mayi wa mawu okwera uja anakhala pansi pafumbi, pambali pa mtsuko wa mayi ake, nakokera nsalu kumaso, mapewa akugwedezeka.

Tinyade anayang'ana mayi ameneyo, wolira ndi manyazi chifukwa munthu wosamudziwa n'komwe wapeza mtsuko wake wouma kwa kamphindi. Anamva kutentha kukukwera kuchokera pachifuwa kufika m'makutu. Kwa nthawi yoyamba chichokereni kwa Mayani, anaona bwinobwino chimene ankakana kuona: mkono wowonda uja utatambasukira kukona, ndi dzanja lake iye mwini likukoka chitseko mosamala kuti chisachite phokoso.

Kwathu zoopsa timaziyembekezera mumdima. M'tauni imeneyo nthawi yopanda anthu ndi masana, dzuwa likafika paliwombo. Zitseko zimatsekedwa, agalu amabisala, ngakhale ntchentche zimakhala chete. Nthawi imeneyo, Sumini atagona chafufumimba ndi kutentha, Tinyade anavula nsapato zake za mumzinda, natenga ndowa kuseri kwa khitchini, natsika yekha kupita kukasupe.

Anali atalumbira kuti pamutu pake sipadzakhalanso ndowa. Komabe manja anakumbukira okha. Anapinda mpango wake kukhala nkhata, anadzaza ndowa, anaikweza pabondo, paphewa, pamutu. Pokwera kubwerera, phazi lokoka lija linali pambuyo pake, ndipo tsopano silinabisale. Iye akaima, linkaima. Mthunzi wake unali waung'ono pansi pa mapazi monga umakhalira masana, koma pambali pake panali mthunzi wina, wopindika, umene unalibe mwini. Anamva fungo la m'nyumba yotsekedwa momwe mwagona wodwala. Sanacheuke.

Atafika pamtsuko wa Umu Salimu anachotsa thabwa nathira theka la ndowa. Madzi analira ngati akugwera m'dzenje lakuya, kulira kwake kukunka kutali. Anasuzumira: pansi panali pouma. Anatunga ndi kapu m'ndowa, naiika pamchenga, nabwerera m'mbuyo pang'ono, maso ali kumbali.

"Ndi amenewo," anatero ndi mawu ouma. "Imwani."

Kapu inapendekeka yokha pang'onopang'ono, madzi nalowa mumchenga. Panamveka kubuula kuja, pafupi kwambiri, pamsinkhu wa munthu wokhala pansi.

Tinyade anaima nthawi yaitali, dzuwa likumuwotcha pamutu. Ankadziwa chotsala. Mwana aliyense wa kwathu amadziwa mmene madzi amaperekedwera kwa wamkulu: saikidwa pansi ngati a galu, ndipo woperekayo saima. Anayang'ana kumtunda ndi kumunsi kwa msewu. Pakhomo pa nyumba panali Sumini, atadzuka, atagwira mphuthu ya chitseko, ndipo kumbuyo kwake kunali Umu Salimu. Onse awiri ankamuyang'ana. Akanakonda kuti nthaka imumeze kusiyana ndi kuti amuone chotero.

Anagwada. Mchenga unamuwotcha mawondo. Sanatolenso kapu. Anaviika manja onse awiri m'ndowa, nawatulutsa odzaza, nawakweza patsogolo pake, mutu uli pansi.

"Azakhali," anatero, ndipo mawu anathyoka pakati. "Ndine Tinyade. Ndachedwa. Madzi awa."

Kwa kanthawi kunalibe kanthu, madzi akungodontha pakati pa zala. Kenaka china chinakhudza zikhatho zake, chouma ndi chokakala ngati makoko a chimanga, chonjenjemera. Chinazengereza pamenepo, monga munthu amene nayenso ali ndi chomuchititsa manyazi. Ndipo madzi anayamba kutsika m'manja mwake, ndi kaphokoso ka munthu womeza movutika.

Anatunganso. Anatunganso. Misozi imene anaisunga chiyambire tsiku la amayi a mumpingo inagwera m'madzi momwemo, ndipo womwayo sanaleke. Pamene ndowa inkafika pansi, anamva mapazi kumbuyo kwake, koma awa anali a nsapato. Sumini anatula ndowa ina yodzaza pambali pake. Sanayang'ane kutsogolo kwa mnzake. Anangobwerera nakaima kukhoma, akunong'ona mapemphero a chipembedzo chake.

Ndowa yachiwiri isanafike pakati, kumezako kunayamba kuchedwa. Kenaka kunaleka. Zala ziwiri zozizira zinagwira dzanja lake chapamkono, mopepuka, monga amachitira wamkulu pouza mwana kuti basi, zakwana. Zinakhala pamenepo pang'ono, kenaka zinachoka. Fungo lija linapita ndi kamphepo. Pamchenga panatsala mthunzi umodzi.

Tinyade anaimirira movutika, nathira madzi otsalawo mumtsuko. Madziwo analira kulira kwa madzi ogwera mumtsuko, ndipo anakhalamo. Umu Salimu anabwera, anapisa mkono, nautulutsa wonyowa. Anatunga ndi kapu ya pachingwe, anamwa theka, napatsa Tinyade theka linalo, ndipo Tinyade analandira ndi manja awiri namwa. Madziwo anamufika pakhosi.

Masana onsewo anatsika ndi kukwera njira ya kukasupe, ndowa ili pamutu, kudzaza mitsuko ya msewu wa kumsika, wa osula miphika ndi wa kumzikiti, amayi akumuyang'ana m'mazenera. Anakana kuthandizidwa. Madzulo mawondo ake anali ndi matuza, ndipo khosi silinkatembenuka.

Sumini anamupaka mafuta osalankhula, chinthu chimene kwa iye chinali chovuta kuposa kusala kudya. Pomaliza analephera kupirira.

"Anali ndani wako?"

"Mlongo wa bambo anga."

"Anakulakwira, kapena unawalakwira?"

Tinyade anayang'ana zikhatho zake. "Zonse ziwiri."

Mawa lake anakwera basi ali awiri, ndipo dalaivala anawerenga awiri. A Nachisale anamwa madzi a m'manja mwa Tinyade, ndipo Tinyade anawamwetsa mpaka ludzu linatha. Pakati pawo sipanatsale kanthu.